Madimba a Kuseri kwa Brakpan

Wattville, Benoni
10 Marichi 2024

Okondedwa achemwali Sabina,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino ku Lizuluko, inu, alamu ndi ana. Nanga bambo ali bwanji? Makutu aja asinthako kapena akadali momwemo? Ndasankha kulemba chifukwa pafoni bambo amangoti "eya, eya" osamva kanthu, ndipo inunso mumadandaula kuti ine ndimangoti ndili bwino kenako n'kudula. A Kenias, otengera anthu katundu kumudzi aja, anyamuka sabata ino ndi galimoto yawo ya katundu, ndiye ndawapatsira kalatayi pamodzi ndi bulangete la bambo. Muwawerengere mokweza, chakukhutu lakumanja.

Ine ndilipo. Ntchito ndi yomwe ija, yoyeza madzi mu labu ya kampani ku Benoni. Mabotolo amabwera, ndimayeza, ndimalemba, amapita. Pofika kunyumba miyendo imakhala ngati si yanga.

Munafunsa chomwe chimandigwira pafoni mpaka kumandiona ndili pa intaneti koma osakuyankhani. Mtima pansi achemwali, si mwamuna. Ndi gulu la pa WhatsApp. Muli anthu a sayansi okhaokha: madokotala, aphunzitsi a m'mayunivesite, odziwa za miyala ndi nthaka, ndi ena ngati ine a m'malabu. Tinakumana pa mfundo yakuti zomwe timadziwa zisamathere m'mapepala, koma zizithandiza anthu okhala pafupi ndi migodi yakale. Kuno kuli zitunda zikuluzikulu za mchenga wachikasu, zotsalira pomwe ankakumba golide. Mphepo ikawomba fumbi lake limalowa m'nyumba, mvula ikagwa madzi ake amatsikira m'timitsinje. Anandilowetsa ndi mnzanga wa kuntchito chaka chatha. Miyezi yonseyi ndinkangowerenga osalemba kanthu. Anthuwo amalemba Chingerezi chachitali, amatha kukangana tsiku lonse pa liwu limodzi, ndipo Mmalawi ndilimo ndekha.

Mwezi wathawu Dokotala Sidik, woona za matenda a ana, anafunsa ngati alipo wodziwana ndi amayi olima kumunsi kwa chitunda china kuseri kwa Brakpan. Akuti anatumako ophunzira awiri, amayiwo anathawa poganiza kuti ndi ofunsa mapepala. Apo ndiye ndinalemba koyamba, ndinati ine ndimawadziwa.

Mukuwakumbukira a Jennet, mayi aja anabadwira ku Zimbabwe koma makolo awo anali a ku Dedza? Ndi omwe anandisunga mu mkhukhu wawo wa malata nditangofika ku Joni, ndisanapeze ntchito. Iwo ndi anzawo, Amalawi ndi Azimbabwe, ali ndi timadimba m'mbali mwa kamtsinje kochokera pa chitundacho. Amalima repu, mpiru, nkhwani ndi tomato, n'kumagulitsa ku Brakpan ndi ku Etwatwa. Ndinapitako Loweruka, ndinawafotokozera kuti tikufuna kuona ngati madzi omwe amathirira ali abwino. A Jennet sanafunse zambiri. Anangoti, "Ngati ndiwe, tenga." Ndinatunga madzi, ndinatapa dothi, ndinathyola masamba, iwo n'kundiwonjezera mtolo wa mpiru woti ndikadye.

Pagulu anandiyamikira kwambiri, timanja towomba tinadzaza foni. Sindibisa, ndinasangalala. Zaka zonsezi kuno palibe anandiitanapo ndi dzina la ntchito yomwe ndinaphunzira.

Ndiuzeni za mvula. Tikumva kuti kwanuko idadula pakati. Chimanga chapulumuka?

Mng'ono wanu,
Deborah


Lizulu, Ntcheu
1 Epulo 2024

Debora mng'ono wanga,

Moni wochokera kwa tonse. Kalata yako yafika ndi bulangete lomwe. Bambo akulifunda ngakhale masana, akuti anthu aone. Tili bwino, kungoti ng'amba yatipweteka. Chimanga chinapsa chili ndi ngayaye, ndipo chaka chino tidalira dimba la bambo basi. Mamawa uliwonse ali kumeneko ndi kheni yawo, kuthirira kabichi. Ndikawaletsa amaloza khutu kuti sakumva.

Ndinawawerengera mokweza monga unanenera, koma pa kalata yonse anatolapo mawu awiri okha, golide ndi gulu. Kenako anandifunsa ngati walowa m'gulu la anyamata okumba mozemba m'migodi yotsekedwa. Ndinavutika kuwamasulira. Mpaka pano akakumana ndi matchona pa msika amawafunsa ngati mkazi amaloledwa kutsika pansi.

Ine mafunso anga ndi ena. Gulu limeneli likukupatsa chiyani? Abwana ako akudziwa kuti Loweruka ukumazungulira m'madimba ndi mabotolo? Anzakowo ndi eni dziko, akalakwitsa mawu amagona m'nyumba zawo. Iwe uli pa pepala lokhala ndi tsiku lothera. Usaiwale zimenezo chifukwa cha timanja ta pafoni.

Komabe sindikuletsa. Nanenso ntchito yanga ya ulangizi wa zaumoyo imandionetsa zambiri. Kusikelo mwezi uno ana ambiri atsika, amayi awo amangondiyang'ana ngati ine ndabisa ufa. Ndiye ndikudziwa mmene zimakhalira kudziwa chinthu koma m'manja mulibe chothandizira. Zotsatira zikatuluka undiuze, ndili ndi chidwi.

Dokotala Sidik ameneyu ndi wokwatira? Ndangofunsa.

Ukapeza mpata utumize timabatire ta kachida ka m'khutu ka bambo, kuno tinasowa. Upereke moni kwa a Jennet. Sindinawaonepo koma ndimawatenga ngati mayi athu, poti anakusunga.

Ndine mkulu wako,
Sabina


Wattville
5 Meyi 2024

Achemwali,

Moni nonse. Zikomo chifukwa cha kalata, ndinaseka ndekha pa nkhani ya bambo ndi golide. Timabatire ndaika mu envulopu yomweyi. Za Dokotala Sidik, sindinawaonepo nkhope. Pagulu chithunzi chawo ndi mtengo. Ndipo mukamva zomwe ndilembe apazi, simufunsanso.

Zotsatira zinatuluka, ndipo n'zoipa. M'madzi, m'dothi, ngakhale m'masamba enieniwo muli mtovu wambiri, ndi zitsulo zina zochokera m'chitunda chija. Inu mukudziwa zomwe mtovu umachita kwa mwana: sudwalitsa lero, umangodya nzeru pang'onopang'ono. Anayeza kawiri ku labu ya yunivesite, yankho linabwera lomwelo. Mpiru uja ndinali nditadya kale, ndipo unali wokoma.

Kuyambira tsiku limenelo foni yanga sipuma. Ndikatuluka mu labu nthawi ya nkhomaliro ndimapeza mauthenga mazanamazana. Dokotala Sidik akufuna kuti tilengeze msanga, tipereke kwa atolankhani lipoti, zithunzi ndi mapu oonetsa pomwe pali madimbawo. Akuti tsiku lililonse lomwe tikukambirana, mwana wina ku Etwatwa akudya ndiwozo. Pulofesa wina wamkazi akuti zomwe tayeza n'zochepa, tiyeze chaka chathunthu, apo ayi eni migodi adzatiseka. Mkulu wina wa za miyala akufuna khoti, koma kampani yomwe inaunjika mchengawo inatha kalekale, palibe woti n'kumusumira. Panapita masiku angapo akukangana ngati tilembe kuti poizoni kapena tingoti kuipitsidwa.

Ine ndinalemba za mapu. Ndinati kuno ndi nyengo ya zisankho, ndipo m'matakisi nkhani ndi ya alendo okhaokha, ife otchedwa makwerekwere. Mukatulutsa mapu, anthu sakaona chitunda. Akaona amayi obwera akugulitsa poizoni kwa ana a eni dziko. Ndinapempha kuti tiyambe tawauza amayiwo, tiwafunire malo ena kapena thanki ya madzi abwino, ndipo polengeza tinene za chitunda ndi kamtsinje, osaloza dimba la munthu.

Mnyamata wina wa ku yunivesite anayankha kuti sayansi ilibe pasipoti. Ndinafuna kumuuza kuti amene amanena zimenezo ndi omwe sanaimitsidwepo pamsewu, koma ndinadzigwira. Wina anafunsa kuti malo enawo apereke ndani, thankiyo agule ndani. Kenako Dokotala Sidik analemba mawu omwe akundiwawabe: "Inu mukuteteza ogulitsa. Odya akuwateteza ndani?" Ndinayankha kuti ogulitsawo ndiwo odya oyamba, poti zotsala pamsika ndizo amaphikira ana awo. Anati ndiye chifukwa chake tifulumire. Popanda mapu, akuti, mayi wa ku Etwatwa adziwa bwanji ndiwo zoti apewe?

Chotopetsa, achemwali, si kutsutsidwa. Ndimakhala ola lathunthu kukonza uthenga umodzi, kusinthasintha Chingerezi kuti ndisaoneke ngati mkazi wongolira. Ndikatumiza, pamwamba pake pamagwa mauthenga ena a nkhani ina, wanga n'kukwiririka. Mawa lake wina amanena zomwezo m'mawu ake, n'kumuyamikira. Ndipo onsewa si anthu oipa. Akugwira ntchitoyi popanda malipiro, ena anachotsedwapo ntchito chifukwa cholankhula. Kungoti palibe mwa iwo anagonapo mu mkhukhu wa a Jennet.

Pagulu pali lamulo lakuti zotsatira zisatuluke kunja tisanagwirizane. Ndiye a Jennet sakudziwa kanthu. Anandiimbira kufunsa ngati madzi awo apambana mayeso, akuseka, ine ndinati sanamalize kuyeza.

Ndilangizeni. Inu mumakhala ndi amayi ndi ana tsiku ndi tsiku. Mukanakhala ine mukanatani?

Deborah


Lizulu
26 Meyi 2024

Debora,

Moni. Tonse tili bwino. Timabatire tafika, bambo tsopano akumva ngakhale zomwe sitikufuna kuti amve.

Kalata yako ndaiwerenga kangapo, ndipo iyi sindinawawerengere. Wapempha malangizo, ndiye ndikuuza mosapsatira, ukwiye ukwiye. Dokotalayo akunena zoona. Ndayesa kudziika m'malo mwa mayi wa ku Etwatwa wogula mpiru pamsewu. Ndikanadzamva kuti panali anthu ophunzira omwe ankadziwa kuyambira mwezi wa Epulo, koma anakhala chete akukambirana pafoni pomwe ine ndikupakulira ana anga, sindikanawakhululukira. Chifukwa chawo chikanakhala chabwino motani, sindikanachimva.

Ndikudziwa kuti a Jennet ndi mayi ako a ku Joniko. Koma taona zomwe wachita: wawanamiza. Akudyabe, akugulitsabe, iwe ukusunga lamulo la gulu. Lamulo limenelo analemba ndani kuti lipose mimba ya mwana? Dzuka upite ukawauze. Usadikire voti, usadikire pulofesa.

Za mapu sindingaweruze, dzikolo ndi iwe ukulidziwa. Mwina ukunena zoona kuti anthu akawaukira. Ngati zili choncho limbana nazo mpaka pomaliza, koma usalimbane kuti nkhani ikwiriridwe. Ndipo usatuluke m'gulumo chifukwa chokhumudwa. Ndimakudziwa, kuyambira uli mwana ukapsa mtima umangonyamuka osatsanzika. Ukachoka iwe, wotchula dzina la a Jennet mmenemo atsala ndani?

Pafoni sindikanatha kunena zonsezi, ukanadula ndisanafike pakati. A Kenias akuti anyamuka mawa.

Mkulu wako wokukonda,
Sabina


Wattville
30 Juni 2024

Achemwali Sabina,

Moni kwa inu ndi onse. Kuno kwazizira koopsa, udzu wonse wayera ndi chisanu. Ndikhulupirira bambo akufunda.

Yankho lanu sindinalilandire. Pafoni munangoti zonse zili m'kalata, mawu anu ali ouma, ndipo a Kenias akuti galimoto inawafera ku Tete, katundu anamusiya kwa mnzawo. Mwina ndi zoona. Mwinanso munaona kuti ndi nkhani ya anthu okhuta, yokangana pafoni pomwe kwanuko kuli njala, ndiye munalemba mizere iwiri yondiuza kuti ndisamale ntchito. Ngati ndi choncho sindikudandaulani. Iyi ndapatsira mayi wina wa kutchalitchi wokwera basi.

Ndinaswa lamulo la gulu. Ndinapita kwa a Jennet. Ndinawapeza m'dimba akuzula udzu, kamdzukulu kawo Nomatter kakusewera ndi dothi pambali. Ndinayamba ndi kukanyamula kamwanako n'kukasasa m'manja, kenako ndinawauza zonse, ndi kuti ndinadziwa kale pomwe anandiimbira paja. Sanakalipe. Anakhala pachigubu cha madzi, anayang'ana mizere yawo ya repu.

"Ndiye tilime kuti?" anafunsa.

Ndinati sindikudziwa.

"Nanga tidye chiyani?"

Ndinatinso sindikudziwa. Anafunsa ngati mayina awo alembedwa m'nyuzi, ndinalonjeza kuti ayi. Anati awauza anzawo, ndipo kamwanako asiya kukapatsa masambawo, koma kugulitsa sangasiye lero ndi lero, poti lendi ya mkhukhu sidikira sayansi. Potsanzikana sanandipatse mtolo, ndipo ine ndinathokoza mumtima.

Nditanena pagulu kuti amayiwo ndawauza, woyang'anira gulu anandidzudzula pamaso pa onse, akuti ndaika ntchito yonse pachiswe. Ena ananditeteza. Anakangana za ine masiku awiri ngati ine mwini palibe. Dokotala Sidik sanalowerere, anangofunsa ngati amayiwo asiya kugulitsa. Ndinayankha zoona, kuti sanasiye. Ndikuganiza kuti yankho langalo ndi lomwe linamaliza nkhani.

Tinavota. Ambiri anasankha kulengeza ndi mapu omwe. Pulofesa uja ndi ena ochepa anakana pa zifukwa zawo za kayezedwe, osati zanga. Zomwe ndinapulumutsa ndi ziwiri: zithunzi zisaonetse nkhope ya munthu, ndipo pamwamba pa lipoti palembedwe kuti cholakwa ndi chitunda, osati alimi, omwenso ndi ovulazidwa. Milungu yonseyi ya kulemba ndi kufufuta, phindu lake chiganizo chimodzi. Dzina langa ndinapempha kuti alichotse, chifukwa cha ntchito.

Lipoti lituluka sabata ikubwerayi. Ndatopa, achemwali, kutopa kosatha ndi tulo. Mundipempherere, ndipo ngakhale mukuona kuti n'zachabe, mundilembereko.

Deborah


Lizulu
14 Julayi 2024

Kwa mwana wanga Debora,

Ndine bambo wako ndikulemba ndi dzanja langa. Mkulu wako sakudziwa. Moni. Ine ndili bwino, miyendo yokha. Kabichi wachita bwino koma mtengo pamsika wagwa.

Mwana wanga, ine sindimva bwino, koma izi ndazimva. Kwabwera mnyamata wa kwa Kampanje wochokera ku Joni. Akunena pa msika kuti madimba a Amalawi ku Brakpan anawazula, ndipo amene anawapereka ndi mwana wa Japhet wa ku Lizulu. Akuti unapita ndi mabotolo ngati mlendo wabwino, unadya nawo, kenako unakagulitsa anzako kwa azungu a nyuzi. Anthu akandiona amatsitsa mawu, kuiwala kuti tsopano ndili ndi mabatire.

Ine sindinavomere. Ndinamuuza mnyamatayo kuti mwana wanga sindinamulere choncho. Koma ndine mlimi wa dimba. Ndikudziwa kuti munthu akakuzulira mbewu yomwe wathirira ndi msana wako, wakuvula pagulu. Ndiye ndikufuna ndimve kwa iwe mwini. Unachita chiyani kwa mayi amene anakusunga? Ngati unalakwa, nena, tidzapepese. Ngati sunalakwe, nenanso, kuti ndiziyenda pa msika mutu uli m'mwamba.

Ngati kumeneko kwaipa, bwerera. Ufa ndi wochepa chaka chino koma sitingalephere kugawana. Sukulu yako sinathere ku Joni.

Yankha msanga. Usayankhe pafoni, lemba, kuti ndiziwerenga pang'onopang'ono.

Bambo wako,
Japhet Kamwendo


Wattville
1 Seputembala 2024

Okondedwa bambo, ndi inu achemwali,

Moni nonse. Ndili moyo, ndili pantchito, palibe wandikhudza. Pepani pochedwa kuyankha. Makalata anu awiri anafika tsiku limodzi, ya bambo ndi ya achemwali ya mwezi wa Meyi ija, itada ndi mafuta a galimoto. Achemwali, ndinakuganizirani zolakwika. Munandiuza kuti ndipite kwa a Jennet, ine n'kupita ndisanamve, ndikukudandaulani mumtima njira yonse.

Bambo, mwafunsa chomwe ndinachita. Ndinatenga madzi, dothi ndi masamba m'madimba mwawo, iwo atandilola chifukwa chondikhulupirira. Tinapezamo mtovu woononga ana. Sindinalandire kanthu kwa munthu aliyense, ndipo ndinakana kuti malowo aonetsedwe, koma anzanga anandiposa pa voti. Zoti madimba anazulidwa ndi zoona. Zoti zinayambira pa mabotolo anga ndi zoonanso. Muziyenda pa msika mmene mungaonere, ine sindingakuuzeni kuti manja anga ndi oyera kapena akuda.

Lipoti litatuluka, nyuzi ina inalemba bwino, inanena za chitunda. Koma chomwe chinayenda m'mafoni a anthu ndi mapu okha, wina atalembapo pamwamba kuti alendo akudyetsa ana athu poizoni. Chiganizo changa chija palibe anachitumiza. Loweruka lotsatira kunabwera chigulu cha anyamata ndi makasu ndi zikwanje, dzuwa likuswa mtengo. Anazula zonse, anatentha zigubu ndi mapaipi. Mayi wina wa ku Mangochi, a Mwanaidi, anathyoka dzanja poteteza tomato wake. Palibe anafa. Chitunda chili pomwepo, ndipo mwezi wathawu mphepo yakhala ikutimwaza fumbi lake m'maso ngati kale.

Kutchalitchi Amalawi anzanga anasiya kundipatsa moni. A Jennet foni yanga sankayankha.

Pagulu poyamba kunali chikondwerero, poti a wailesi anaitana awiri mwa ife ndipo akuluakulu a boma analonjeza kudzayendera malowo. Nditatumiza zithunzi za madimba, chikondwererocho chinathera pomwepo. Kenako mkangano unayambiranso, tsopano wa kuti wolakwa ndani: mapu, atolankhani, kapena ine amene ndinauza amayiwo msanga. Mnyamata wa pasipoti uja anandilembera kumbali kupepesa. Pulofesa anatuluka m'gulu. Nanenso chala changa chinafika pa batani lotulukira kangapo konse. Kalata yanu, achemwali, inandipeza ndili pamenepo.

Kenako Dokotala Sidik anandiimbira. Kanali koyamba kumva mawu awo. Ndinkayembekezera munthu waukali, koma ndinamva nkhalamba yotopa, yotsokomola. Sanapepese, inenso sindinapepese. Anati zithunzi anaziona, ndipo akanati avotenso sakudziwa ngati akanasintha. Kenako anati apeza zipangizo zoyezera magazi a ana a m'deralo, a eni dziko ndi a alendo omwe, mu holo ya tchalitchi china ku Brakpan, popanda kufunsa pepala la munthu. Koma amayi a m'madimba sangabwere pokhapokha awaitane wowadziwa. Ndinawauza kuti asankha munthu wolakwika, panopa amayiwo akandiona amatseka zitseko. Anati akudziwa, koma wina alibe.

Ndinayenda mkhukhu ndi mkhukhu. Ena sanatsegule, ndinkangolankhula ndi malata. A Mwanaidi ananditukwana mpaka mawu anawathera, kenako anafunsa kuti holoyo ili pati. Kwa a Jennet ndinapeza loko, ndinasiya uthenga kwa oyandikana nawo.

Dzulo ndilo linali tsikulo. Ndinaima pakhomo kuyambira m'mawa. Amayi a ku Etwatwa anabwera ambiri, ena akundithokoza osadziwa kuti ndine yani, akuti akanapanda kuona mapu aja bwenzi akugulabe. Achemwali, ndinakumbukira mawu anu. Athu anayamba kufika dzuwa litakwera, mmodzimmodzi, osandiyang'ana. Ine ndinkamasulira zomwe anamwino akunena, Chichewa uku, Chishona chothyokathyoka uku.

A Jennet anafika chakumapeto, Nomatter ali kumsana. Aonda. Tsopano akuchapa zovala m'nyumba za anthu ku Actonville, akapeza. Anandidutsa ngati mtengo. Kamwanako atakabaya chala, Dokotala Sidik anaona pa makina, anavula magalasi, n'kundiitana kuti ndimasulire. Mtovu uli pamwamba kwambiri m'magazi ake. Ndi chifukwa chake mwina kakuchedwa kulankhula. Akuti chithandizo chilipo, kayambe sabata ino, ndipo zikanapitirira chaka china zikanakhala zina.

Ndinamasulira liwu ndi liwu, osachotsa, osawonjezera. Dokotalayo anali ndi mfundo, inenso ndinali nayo, ndipo tonse awiri tinaima pamenepo manja lende pamaso pa mayi wopanda dimba ndi mwana wodwala.

Bambo, chaka chino sindibwera. Ana omwe apezeka ndi mtovu ayenera kumapita kuchipatala miyezi ingapo, ndipo pakufunika womasulira. M'gulu ndikadalimo. Ndinalitseka mawu kuti foni isamalire, ndimalitsegula madzulo ndikadya. Panopa akukangana za thanki ya madzi ndi malo atsopano, zomwe ndinanena mwezi wa Meyi, ndipo wina akuyamikiridwa kuti waganiza bwino. Ndamusiya, bola thankiyo ibwere.

Titatuluka mu holo, a Jennet anaima pa mzere wodikira kalata ya kuchipatala. Mzere unali wautali, kunja kukuwomba fumbi. Ndinaima pambali pawo. Patapita nthawi anamasula nsalu, anatsitsa Nomatter kumsana, osandiyang'ana n'komwe.

"Tamunyamule," anatero. "Msana wanga watha."

Ndinamunyamula mpaka tinafika kutsogolo.

Mwana wanu ndi mng'ono wanu,
Deborah